Mphunzitsi wa Zosema wa ku Mua

Munthu wochokera ku Mangochi akalondola msewu wa ku Monkey Bay, napatukira kumanzere kulinga ku Golomoti, amafika pa chigwa chachikulu cha kumwera kwa Nyanja ya Malawi. Patsogolo pake paima mapiri a Dedza, ndipo patsinde pa mapiriwo, pafupi ndi Mtakataka, pali Mishoni ya Mua. Malo amenewa atchuka chifukwa cha amisiri osema mitengo. Luso lawolo lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo iyambira ku Mangochi komweko.

M'mwezi wa December, chaka cha 1889, amishoni anayi a chipani cha Abambo Oyera anafika pa mudzi wa Mfumu Mponda, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pafupi ndi pamene pali boma la Mangochi lero. Iwo ndiwo anali oyamba a Mpingo wa Katolika kumanga mishoni m'dziko muno. Anatsegula kasukulu, napereka mankhwala kwa odwala. Koma masiku amenewo anali a nkhondo ndi a malonda a akapolo, ndiponso Apwitikizi ndi Angerezi analikulimbirana dziko. Kotero mu June 1891 amishoniwo anachoka, nalowera kumpoto ku Mambwe, m'dziko limene tsopano litchedwa Zambia.

Patapita zaka 11, mu 1902, Abambo Oyera anabweranso, namanga ku Mua pakati pa Achewa, Angoni ndi Ayao. Kumeneko ntchito inakhazikika. Panamangidwa tchalitchi, sukulu ndi chipatala, ndipo wansembe wina wa ku France, Bambo Champmartin, amene anthu anamutcha Chamare, anadziwika ndi ntchito ya ukalipentala. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinavuta kwambiri. Amishoni anayesa gule wamkulu chinthu chachikunja, naletsa Akhristu kulowa. Akuluakulu a m'midzi nawonso anaona kuti sukulu ikuwalanda ana. M'zaka za m'ma 1920 mkangano umenewu unakula, ndipo anyamata ambiri anasiya sukulu nathawira kudambwe. Mwana anali ngati chingwe chimene anthu awiri akukokerana. Kusukulu anamva kuti za kwawo ndi zoipa, kumudzi anamva kuti za kusukulu ndi za Azungu. Nanga mwana wotere angaphunzire ndi mtima wonse?

Zinthu zinayamba kusintha pambuyo pa msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 kufikira 1965. Msonkhanowo unalimbikitsa kuti mtundu uliwonse upembedze m'chilankhulo chake ndi kulemekeza zabwino za m'miyambo yake. Mu 1967 kunafika wansembe wachinyamata wa ku Canada, dzina lake Bambo Claude Boucher, amene anali ndi luso lojambula zithunzi. Mu 1976 anayambitsa ku Mua malo ophunzitsira luso la manja otchedwa KuNgoni.

Maganizo a mphunzitsi ameneyu aoneka m'ntchito zimene anachita, ndipo angathe kugawidwa patatu.

Choyamba, iye anayamba wakhala wophunzira asanakhale mphunzitsi. Anaphunzira Chichewa, nakhala pansi ndi nkhalamba kumva nthano, miyambi ndi matanthauzo a miyambo. Anapita ku maliro ndi ku zinamwali, nalemba zimene anaona, mpaka anthu anamupatsa mfunda wakuti Chisale. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu anayamba wafunsa eni mudzi mametedwe a kwawo.

Chachiwiri, anayambira pa zimene ophunzira ake anazidziwa kale. Anthu a m'chigwa chimenechi anali osema chiyambire kale. Anadziwa kugwira sompho ndi kasemasema, nasema mitondo, minsi, zipande, mipini ndi mabwato. Anadziwanso mtengo uliwonse ndi khalidwe lake, wolimba ndi wofewa, wong'aluka msanga ndi wosafumbwa. Bambo Boucher sanafune kuti iwo angotsanzira zithunzi zochokera ku Ulaya. Anawalimbikitsa kusema zimene maso awo aona masiku onse: mayi wosinja pamtondo, msodzi ndi ukonde wake, mfumu pabwalo la milandu. Ngakhale posema nkhani za m'Baibulo, Yesu ndi Mariya anatuluka ndi nkhope za Chiafirika ndi zovala za kuno. Mnyamata amene anakula akumva kuti za kwawo ndi zachabechabe, tsopano anaona kuti zomwezo ndizo chuma cha luso lake. Pamenepo manyazi anatha, ndipo khama linabwera lokha popanda chikoti.

Chachitatu, anaonetsetsa kuti ntchito ya wophunzira ikhale ndi kopita. Zosema za ku Mua sizinali zongoyeserera, zoti mawa ziponyedwe pamoto. Matchalitchi ambiri anaitanitsa mitanda, maguwa ndi zitseko, ndipo alendo anagula zosema zina. Mmisiri analandira ndalama zogulira chimanga, mchere ndi kulipirira ana sukulu, osachoka pakhomo pake kukafuna ntchito ku Joni kapena ku Halale monga anachitira makolo ake. Wophunzira watsopano anakhala pambali pa mmisiri wamkulu, napenya, nayesa, nalakwa, nayesanso, podziwa kuti tsiku lina ntchito yake idzaima pamalo poonekera.

Zipatso zake zinaoneka. Amisiri a ku KuNgoni anachuluka kuposa 100. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anasema zokongoletsa nyumba yopemphereramo ya bungwe la Missio mu mzinda wa Munich ku Germany, ndipo zosema zina zinafika ku Vatican. Pofika chaka cha 2000 ku Mua kunali nyumba yosungiramo zinthu zakale, yotchedwa Chamare pokumbukira wansembe wa matabwa uja. M'nyumbamo anaikamo mbiri ya mishoni, miyambo ya Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Zilombo zimene kale zinathamangitsidwa pa mishoni zinapeza malo pa mishoni pomwepo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2012 Bambo Boucher anatulutsa buku lalikulu lofotokoza zilombozo ndi matanthauzo ake.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa aphunzitsi ndi kwa akulu amene ayamba kuwerenga atakula. Palibe wophunzira amene amafika m'sukulu chimanjamanja. Msodzi wa ku Malindi adziwa mphepo za mwera ndi mpoto, mlimi wa ku Golomoti adziwa nthaka, mayi woumba mbiya adziwa dothi. Mphunzitsi wonyoza nzeru zimenezi amatseka makutu a wophunzira wake, koma wozilemekeza amapeza maziko omangapo zatsopano. Dzanja limene linaphunzira kuwongola mpini ndi sompho silingalephere kuwongola chilembo ndi pensulo.