Madzi oyera a pamsana ndi chinsinsi cha multiple sclerosis

Amene anadikirirapo wodwala m'chipatala chachikulu amadziwa mmene nkhope za abale zimagwera dokotala akanena kuti akufuna kutenga madzi a pamsana. Ena amakana kwamtuwagalu, poti anamva zoti wobayidwa pamsana sadzukanso. Chonsecho ambiri obayidwawo amafika matenda atakula kale, kaya oumitsa khosi kaya malungo okwera kumutu, ndiye singano imangosenza mlandu wa eni ake. Wodwala amagona chammbali, mawondo atagunda pachifuwa, singano yaitali imalowa pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana, madzi n'kuyamba kudontha m'kabotolo. Kwa munthu wa matenda oumitsa khosi, madziwo amatha kutuluka a mbuu ngati otsukira mpunga, ndipo dokotala amadziwiratu kuti zinthu zathina. Koma kuli matenda ena amene madzi ake amatuluka oyera ngati a pamjigo, pamene mwini wake miyendo ikumukanika, diso lina lachita chidima. Madokotala atha zaka zoposa 130 akuphunzira kuwerenga madzi oyerawa.

Matendawa ndi multiple sclerosis, mwachidule MS. Kwathu kuno samvekamveka. Afala kwambiri kumpoto kwa Ulaya, ku Canada ndi ku America, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse, akazi kuposa amuna. Asilikali a m'thupi amatembenukira mwini wake n'kumakungunula myelin, chikuto cha mafuta chimene chimavala mitsempha ya ubongo ndi msana monga pulasitiki amavalira waya wa magetsi. Waya ukavulidwa, uthenga umachedwa kapena kutayikira panjira.

Amene anawalongosola bwino koyamba ndi Jean-Martin Charcot, pachipatala cha Salpêtrière ku Paris, mu 1868. Ankayang'ana odwala ali moyo, kunjenjemera kwa dzanja likamafikira chinthu, kugwedezeka kwa maso uku ndi uku, kulankhula kodukizadukiza, kenaka ankadikira imfa kuti atsegule ubongo n'kuona zipsera zolimba zotuwa. Umboni weniweni unkabwera munthu atagona kale. Khomo linatseguka mu 1891, pamene Heinrich Quincke wa ku Kiel, ku Germany, anasonyeza kabayidwe ka pamsana kamene tikukadziwa lero. Iye ankangofuna kuchepetsa madzi opanikiza ubongo wa ana odwala. Koma kuyambira pamenepo dokotala anatha kugwira m'dzanja chinthu chimene chasambitsa ubongo wa munthu wamoyo.

Madziwa si ambiri. Munthu wamkulu amakhala ndi mamililita 150 okha, osadzaza ngakhale kapu ya tiyi, koma thupi limapanga pafupifupi theka la lita patsiku, kutanthauza kuti amasinthidwa katatu kapena kanayi tsiku lisanathe. Amabweretsa chakudya, amakokolola zinyalala. Ndi dzala la ubongo, ndipo ukafuna kudziwa zimene banja ladya sabata ino, kudzala sikunama.

Vuto linali la zipangizo. Mu 1912 Carl Lange wa ku Berlin anatulukira njira yoyezera chindoko cholowa mu ubongo, imene ine ndimaiona ngati yokongola kuposa zonse m'mbiri imeneyi. Ankandandalika timabotolo khumi, m'kalikonse madzi a pamsana osungunulidwa mosiyana, n'kuthiramo madzi ofiira okhala ndi fumbi la golide losaoneka ndi maso. Madzi a munthu wabwinobwino ankasiya kufiirako momwemo. A wodwala ankakusintha kukhala kobiriwira ngati thambo, kapena kukuzimitsiratu, ndipo wa mu labotale ankalemba manambala khumi, kuyambira 0 mpaka 5, malinga ndi mtundu wa kabotolo kalikonse. Posakhalitsa anaona kuti odwala MS ambiri akusinthanso golideyo ngati a chindoko, pamene chindokocho alibe. Panali kanthu m'madzimo, koma dzina lake palibe ankalidziwa.

Anakatchula ndi Elvin Kabat ku New York mu 1942. Pogwiritsa ntchito chimakina cha Arne Tiselius wa ku Sweden, chimene chinkalekanitsa mapuloteni powakoka ndi magetsi, anapeza kuti madzi a odwala MS ali ndi gamma globulin wochuluka, gulu la mapuloteni amene asilikali a m'thupi amamenyera nawo nkhondo, pamene m'magazi mwawo mulibe kuchuluka kotero. Ndiye kuti nkhondoyo ikuchitikira m'kati mwa mpanda wa ubongo. Cha m'ma 1960 Armand Lowenthal ndi anzake ku Antwerp, ku Belgium, anayendetsa madziwa pa jelo n'kuona mapuloteniwo akuima m'timizere tosiyana, ngati timizere ta pa katundu wa m'sitolo. Timizere timeneti, totchedwa oligoclonal bands, timapezeka mwa odwala MS pafupifupi 9 mwa 10 alionse a kumpoto kwa Ulaya.

Kenaka kunabwera MRI. Mu 1981 ku Hammersmith, ku London, makinawa anajambula zipsera za Charcot mwa anthu amoyo, ndipo kwa kanthawi singano ya Quincke inaoneka ngati yatha ntchito. Ndani angalole kubayidwa pamene angathe kungojambulidwa?

Komatu chithunzi chimasonyeza pamene nyumba yapsa, osati chimene chikuyakabe pansi pa phulusa. Pali odwala amene MRI yawo imakhala yosasintha kwenikweni koma iwo akufookerafookera chaka ndi chaka. Vuto limeneli ndi limene linabwezera ofufuza kudzala kuja, ulendo uno osasakanso mapuloteni akuluakulu koma nyenyeswa: shuga, maasidi, mafuta, zotsalira za mmene maselo amadyera ndi kupsereza chakudya. Kuyambira m'ma 1990, makina a NMR ndi ena oyeza kulemera kwa tizidutswa tating'onoting'ono anayamba kuwerenga zinthu zambirimbiri m'madontho ochepa. Ntchitoyi masiku ano amaitcha metabolomics.

Chimene chakhala chikubwerabwera ndi lactate, mbale wake wa asidi amene amawawasitsa chambiko. Selo likakhala bwino limapsereza shuga mpaka kumapeto m'timbaula take totchedwa mitochondria, n'kupeza mphamvu zambiri. Timbaulato tikafooka, selo limangomuphwanya shugayo pakati n'kutaya lactate, mphamvu yake n'kukhala yochepa zedi. Tsono mtsempha wovulidwa myelin umafuna mphamvu zochuluka kuposa kale kuti uthenga udutse, ndiye ukusowa nkhuni pa nthawi imene ukufunika moto waukulu. Mu 2008 William Regenold ndi anzake ku Maryland anapeza lactate, sorbitol ndi fructose zitakwera m'madzi a odwala MS, zonse zitatu zotsalira za shuga amene wapsera kunja kwa mbaula. Ofufuza ena anapeza glutamate wokwera pamene matenda abuka. Ameneyu ndi mthenga wabwinobwino pakati pa mitsempha, koma akachuluka amaiyendetsa mpaka kuipha. Enanso atsata tryptophan, kachidutswa ka puloteni wa m'zakudya, kamene kutupa kukakula kamakhotera njira yotulutsa quinolinic acid, poizoni wa mitsempha.

Gulu la Patrizia Casaccia ku New York linachita chinthu chosavuta kumva. Linalera maselo a ubongo wa khoswe m'mbale ya mu labotale, n'kuwathira madzi a pamsana a odwala MS. Maselowo anadwala, mitochondria yawo n'kufooka. Mu 2014 analoza chala mafuta ena otchedwa ceramide, amene anali ochuluka m'madzimo. Apa dzala linasintha tanthauzo: zinyalala zina sizingonena za moto, zimaukolezanso. Mu 2019 gulu lomwelo linaona kuti madzi a odwala amene matenda awo akungopitirira amatalikitsa mitochondria n'kuilemetsa ntchito, ndipo kuwonjezera shuga m'mbalemo kunapulumutsa maselowo. Izi zinachitika m'mbale, ndikubwereza, m'mbale. Wina asathamangire kugolosale.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nyenyeswa zimenezi sizinafike pa tebulo la dokotala. Lactate amakwera pa matenda ambiri, ndipo pa oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya amakwera kuposeratu pa MS. Kafukufuku wambiri ndi wa anthu makumi ochepa, chifukwa munthu wabwinobwino sabwera kudzapereka msana wake kuti ayerekezeredwe ndi odwala. Zimene munthu wadya, mankhwala amene akumwa, msinkhu wake, ngakhale nthawi imene kabotolo kanakhala pa tebulo kasanalowe m'firiji, zonsezi zimasuntha manambala. N'chifukwa chake labotale ina ikati ichi chakwera, ina imatha kunena kuti chatsika. Phindu lake pakadali pano lili pa kumvetsa: latithandiza kuona kuti MS si nkhondo ya asilikali a m'thupi yokha, ndi njalanso ya mitsempha.

Timizere takale tija ndiye sitinachoke. Malamulo ozindikirira MS, otchedwa dzina la Ian McDonald, atakonzedwanso mu 2017 anapatsa timizereti mphamvu zoti dokotala atsimikize matenda osadikira kuti abukenso kachiwiri. Mu 2022 ofufuza a ku Stanford anatenga maselo a chitetezo m'madzi a pamsana a odwala n'kupeza kuti zida zina zimene amapanga zimagwira kachilombo ka Epstein-Barr komanso puloteni wa mu ubongo wotchedwa GlialCAM, kulephera kusiyanitsa mdani ndi mwini nyumba. Ndipo malamulo a McDonald atawaunikanso mu 2024, choyezedwa m'madzi chimene anawonjezera sichinali lactate kapena ceramide. Anawonjezera kappa free light chains, tizidutswa ta gamma globulin yemwe uja Kabat anamupeza mu 1942.