CIFUKWA CACE CIFUWA CITENGA MWANA WINA NDI KULEKA MNZACE

Mwezi wa June ukafika, ndi mphepo ya mwera ikayamba kuomba, sukulu za ku Kaunda Square, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, zidzala ndi kutsokomola, monganso zicitira sukulu za kumidzi. Ana ambiri atsokomola sabata imodzi, nacira. Koma pakati pao sipalephera kupezeka mmodzi amene cifuwa cimtsikira m'mapapo, nakagona m'cipatala. Ndipo nthawi zina malo ace pabenchi akhala opanda munthu kufikira caka citha. Nanga ncifukwa ninji nthenda imodzi ipambana mwana uyu, nileka uyo wakukhala naye pafupi? Akale anali kunena za tsempho kapena za ufiti. Madotolo anafunafuna yankho zaka zoposa 100, napeza kuti liri pawiri: ukali wa kacirombo, ndi mkhalidwe wa mapapo amene kaloweramo. Mlimi aliyense adziwa kuti kaufiti acuruka m'munda woguga, ndi kuti m'nthaka yacajira sapambana cimanga. Momwemonso ndi mapapo.

Phunziro la ku migodi

Mu 1881 Louis Pasteur ku France ndi George Sternberg ku America, yense payekha, anapeza kacirombo kamene kadzetsa cibayo kawirikawiri, dzina lace pneumococcus. Sternberg anakapeza m'malobvu ace omwe, iye ali bwinobwino. Cotero kunadziwika msanga kuti munthu akhoza kusunga kacirombo pakhosi pace osadwala konse.

Nkhaniyi inakula ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg, kumene Wenela inali kutengera amuna a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Amunawo anali kuturuka pansi potentha, nalowa m'cisanu cimene sanacizolowere, nakagona mothithikana m'nyumba imodzi. Cibayo cinawapululula, kotero kuti mu 1911 eni migodi anaitana Sir Almroth Wright wa ku London, amene anatemera anchito ngati 50,000. Koma phindu la katemera wace silinaoneke bwino. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anchito ocokera kumpoto kwa mzere wa 22 wa pamapu, ndipo ciletsoco cinakhala kufikira zaka za m'ma 1930. Spencer Lister, wogwira nchito ku Johannesburg komweko, anaonetsa kuti kaciromboka kali ndi mitundu, ndi kuti katemera wa mtundu umodzi sachinjiriza munthu ku mtundu wina. Lero mitundu yodziwika iposa 90, ndipo si yonse iri yaukali mofanana.

Cimene cikalitsa mitundu ina cinaonekera bwino mu 1928, m'nchito ya Frederick Griffith ku England. Tizirombo tina tiri ndi cikopa coterera cozungulira thupi lao, ndipo asilikari oyera a m'mwazi alephera kutigwira. Tina tiribe cikopaco. Griffith atabaya mbewa ndi tizirombo ta cikopa, mbewa zinafa. Atazibaya ndi topanda cikopa, zinakhala moyo. Tsono anapha ta cikopa tija ndi moto, natisanganiza ndi tamoyo topanda cikopa, ndipo mbewa zinafanso. M'mwazi mwace anapezamo tizirombo tamoyo ta cikopa. Ndiko kunena kuti kacirombo kofatsa kakhoza kulandira ukali kwa kanzace. Mu 1944 Oswald Avery ndi anzace ku New York anazindikira kuti cinthu colandiridwaco ndico DNA, mmene mulembedwa malangizo a cibadwa a zamoyo.

Ana a thukuta la mcere

Ngati pali nthenda imene inaphunzitsa madotolo za mbali yaciwiri, ndiyo mkhalidwe wa mapapo, ndi nthenda yobadwa nayo yochedwa cystic fibrosis. Mu 1938 Dorothy Andersen, dotolo wamkazi wa pa cipatala ca makanda ku New York, analemba za ana 49 amene anafa ndi zizindikiro zofanana: kusakula ngakhale adye, cimbudzi camafuta conunkha, ndi cifuwa cosatha. Masiku amenewo ambiri a ana otere sanali kufika msinkhu wa sukulu. Mu 1948 kunatentha kwambiri ku New York, ndipo Paul di Sant'Agnese anaona kuti mwa makanda ogonekedwa cifukwa ca kutha madzi m'thupi munali ambiri a nthenda imeneyi. Pofufuza anapeza kuti thukuta lao liri ndi mcere wocuruka koposa, nalengeza zimenezi mu 1953. Kuyambira 1959 kuyesa mcere wa m'thukuta ndiyo njira yeniyeni yozindikirira nthendayi. Mu 1989 Lap-Chee Tsui ndi John Riordan a ku Toronto, pamodzi ndi Francis Collins wa ku Michigan, anapeza malo enieni a cilemaco m'malangizo a cibadwa.

Nthendayi siipatsirana. Mwana aidwala pokhapokha atalandira cilemaco kwa atate ace ndi kwa amai ace omwe, iwo eni ali osadwala. Ndipo pa mimba iriyonse ya banja lotere, mwai wakuti mwana adwale uli umodzi mwa inai. Pakati pa Azungu a kumpoto kwa Ulaya igwira ngati mwana mmodzi mwa 2,500. Cilemaco cilepheretsa mcere ndi madzi kuturuka bwino m'njira za mpweya. Mwa munthu wabwino makhololo ali opyapyala, ndipo titsitsi tating'onong'ono ta m'njirazo tiwasesera kukhosi pamodzi ndi pfumbi ndi tizirombo. Mwa mwana wodwala makhololo alimba ngati ulimbo, titsitsi tija tilephera kusesa, ndipo ciriconse colowa cikhazikika pomwepo.

Poyamba cimene cinali kupha anawa ndi Staphylococcus aureus, kacirombo ka zithupsa. Mankhwala onga penisilini atafika m'zaka za m'ma 1940, ana anayamba kukhala nthawi yotalikirapo, koma pamalo pace panabwera kena, Pseudomonas aeruginosa. Kameneka kakhala m'dothi ndi m'madzi ponseponse, ndipo sikabvuta munthu wa mapapo abwino. Koma kakalowa m'makhololo olimba aja kamanga mudzi, nikasintha makhalidwe m'kupita kwa zaka. Kataya kamcira kosambira nako, kacepetsa ululu wina umene kanali kuturutsa, nikadzikuta ndi cinthu cotelereka ngati therere, cimene mankhwala ndi asilikari a m'mwazi sapyola msanga. Asilikariwo aunjikana pozungulira mudziwo caka ndi caka, namwaza zida zao, ndipo zidazo zilasa mapapo a mwini. Apa madotolo anaphunzira cinthu cimene sanaciyembekeze, cakuti ukali wa kacirombo suli m'ululu mokha ai. Kacirombo kodziwa kubisala ndi kupirira kakhoza kuononga koposa kolusa poyera.

Niels Høiby ndi anzace ku Copenhagen analondola kusinthaku kuyambira zaka za m'ma 1970. Mu 1981 cipatala cao cinayamba kulekanitsa odwala amene anali nako kale kaciromboka ndi amene analibe. Ndipo mu 1989 anayamba kukathira nkhondo kakangooneka kumene, kasanamange mudzi. Odwala atsopano ogwidwa nako kosatha anacepa.

Phunziro lowawitsa linadza ndi kacirombo kacitatu. Mu 1950 Walter Burkholder wa ku Cornell anafotokoza kacirombo koolesa anyezi, kamene lero kachedwa Burkholderia cepacia. Mu 1984 madotolo a ku Toronto analemba kuti kameneka kali kufala pakati pa odwala cystic fibrosis, ndi kuti ena, amene anali kupeza bwino, anali kufa m'masabata owerengeka. Mu 1993 John Govan ndi anzace anaonetsa kuti mtundu umodzi waukali unafala ku Edinburgh ndi ku Manchester mwa kuceza kwa odwala okhaokha. Misasa ya chuthi, kumene ana a nthenda imodzi anali kusewera ndi kutonthozana, inatsekedwa. Ndipo kufikira lero odwalawa alangizidwa kuti asamayandikane.

Kwa nthawi yaitali kunali kuganiziridwa kuti imeneyi ndi nthenda ya Azungu okha. Koma ku South Africa kunalembedwa za mwana wakuda woidwala kale mu 1959, ndipo kaundula wa odwala amene dzikolo linatsegula mu 2018 ali ndi ana akuda ndithu. Cobvuta ncakuti mwana woonda wa cifuwa cosatha afanana ndi wa njala kapena wa cifuwa cacikuru, kotero kuti nthenda yeniyeni ikhoza kuzindikirika mocedwa. Mankhwala okonza cilemaco, onga Trikafta wa mu 2019, asintha moyo wa odwala ambiri, koma anayamba kugulitsidwa ku America pa madola oposa 300,000 pa caka.

Zimene Lusaka anaphunzitsa dziko

Lusaka anakhala likuru mu 1935. Matero anamangidwira anchito aciAfrika m'masiku a atsamunda; ndipo ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda, nakulitsa Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga, Mtendere ndi Kaunda Square. Lero anthu a mumzindawo aposa 2 miliyoni. M'makomboni ambiri banja lonse ligona m'cipinda cimodzi kapena ziwiri, ndipo m'cisanu mbaula ilowa m'nyumba, mazenera ali citsekere. Utsi wa makala ufooketsa titsitsi tosesa tija, ndipo kuthithikana kupatsa tizirombo njira yaifupi, monga zinaliri ku migodi. Pamwamba pa izi, m'zaka za m'ma 1980 panadza HIV, kacirombo kamene kapha asilikari a m'mwazi.

Pofuna kudziwa cimene cinali kupha ana, Profesa Chifumbe Chintu ndi anzace a pa University Teaching Hospital anayesa mapapo a ana 264 amene anafa ndi matenda a m'cifuwa, nalengeza zopeza zao mu 2002. Mwa anawo 180 anali ndi HIV. Nthenda yopezeka koposa inali cibayo ca mafinya, ca tizirombo todziwika kale. Ngati mmodzi mwa asanu anali ndi cifuwa cacikuru. Ambiri, makamaka makanda a HIV, anaphedwa ndi Pneumocystis, kanthu ka mtundu wa nkhungu kamene pafupifupi munthu aliyense akapuma ali wamng'ono osamva kanthu. Cimene Pseudomonas acita m'mapapo a makhololo olimba, Pneumocystis anacita m'mapapo opanda alonda. Ana ambiri anali ndi matenda awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Tsono Chintu, pamodzi ndi Diana Gibb wa ku London, anayesa mankhwala akale ochipa, co-trimoxazole, amene anthu awadziwa ndi dzina lakuti Septrin kapena Bactrim. Ambiri anakayika, pakuti tizirombo tambiri ta mu Lusaka tinali titaleka kale kumva mankhwalawo. Kuyambira 2001 ana 541 a zizindikiro za HIV, a zaka 1 mpaka 14, anagawidwa pawiri: ena anamwa mankhwalawo tsiku ndi tsiku, ena anamwa ofanana nao maonekedwe okha. Mu October 2003 kuyesako kunaimitsidwa nthawi isanakwane, cifukwa kusiyana kunali koonekeratu: mwa 100 alionse omwa mankhwala anafa 28, pamene mwa enawo anafa 42. Zitalengezedwa mu November 2004, mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza maiko onse kuti ana otere azipatsidwa mankhwalawo. Caka comweco zipatala zazing'ono za m'makomboni a Lusaka zinayamba kupereka ma ARV. Mu 2013 Zambia inayamba kutemera makanda katemera wa pneumococcus, amene aphunzitsa thupi kuzindikira cikopa coterera cija. Malawi anali atayamba mu 2011. Nchito yoyambika ku migodi inafika kwa zidzukulu za anchito aja patapita zaka 100.

Gawo la mphunzitsi

M'mbiri yonseyi cipulumutso cinayamba ndi munthu woona cimene ena anacipitirira: dotolo wowerenga makanda m'nyengo yotentha, wina wofunsa kuti odwala aceza ndi yani. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphunzitsi aona mwana masiku asanu pa sabata, ndipo kaundula wace aonetsa amene ajomba kawirikawiri. Mwana wotsokomola kupitirira masabata awiri, woonda, wotuluka thukuta usiku, ayenera kukayesedwa makhololo, ndipo HIV yomwe. Wopuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, ayenera kufika kucipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati mwana amaliza mankhwala a cifuwa cacikuru koma osacira, adya kwambiri koma osakula, cimbudzi cace ciri camafuta, ndipo amai ace anena kuti khungu lace likoma mcere, makolo alimbikitsidwe kubwerera kwa dotolo ndi kumfotokozera zizindikiro zonsezo pamodzi, osasiyapo cimodzi.

Mphunzitsi sakhoza kucotsa cikopa ca kacirombo, koma za munda ali nazo mphamvu. Akhoza kutsegula mazenera a kalasi ngakhale m'June, kufunsa za khadi la katemera polemba ana atsopano, ndi kukumbutsa makolo pamsonkhano kuti mbaula igone panja. Akhozanso kuletsa ana kuseka mnzao wa cifuwa, ndi kuuza banja losweka mtima kuti nthenda yobadwa nayo siicokera ku kulakwa kwa amai kapena kwa atate, kuti mlandu usagwere munthu wosacimwa pamene mwana ali kufuna cithandizo.