Nduna ya ku Mangalande imene inatulutsa Kamuzu m'ndende

Ine ndine mlimi wa mbatatesi ndi tirigu, sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma nkhani zakale ndimazikonda. Agogo anga ankakonda kufunsa kuti: bwanji abale athu a ku Ntcheu, amene timagula nawo pa msika umodzi ku Lizulu, analandira ufulu mu 1964 pomwe ife tinadikira mpaka 1975? Pofufuza ndinapeza dzina la mzungu wina, Iain Macleod.

Bambo ameneyu anabadwa mu 1913 ku Skipton, ku Mangalande, ndipo bambo ake anali dokotala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anavulala ntchafu ku France mu 1940. Pambuyo pake anadwalanso msana, moti ankayenda chowerama. Mu 1950 anasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Conservative. Mu 1952 Winston Churchill anamupatsa unduna wa zaumoyo, ndipo mu 1955 anakhala nduna ya zantchito.

Nthawi imeneyo kwa anansi athu kunali moto. Mu 1953 Angerezi anamanga Nyasaland pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, anthu asakufuna. Inkosi Gomani II a ku Lizulu anakana, boma linawachotsa pa mpando, iwo nathawira mbali yathu ino pamodzi ndi m'busa Michael Scott. Apwitikizi anawabweza, ndipo Inkosi anamwalira mu 1954. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage anagwira Dr Kamuzu Banda ndi kukawatsekera ku Gwelo, kumene lero timati Gweru. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, oposa 50 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay.

Mu Okutobala 1959 Harold Macmillan anasankha Macleod kukhala nduna yoyang'anira maiko a atsamunda. Iye anaona kuti popanda Kamuzu palibe wokambirana naye. Roy Welensky, mkulu wa chitaganya, anakana zolimba. Bwanamkubwa naye ankaopa chipwirikiti. Macleod anaumirirabe mpaka kuopseza kuti asiya ntchito. Pa 1 Epulo 1960 Kamuzu anatuluka, nakumana ndi Macleod ku Zomba, ndipo chipwirikiti chija sichinaoneke. Chaka chomwecho anakambirana ku Lancaster House ku London za malamulo atsopano, ndipo pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress chinapambana. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963.

Musaganize kuti kwawo anamuombera m'manja. Akuluakulu ena a chipani chake, monga Lord Salisbury, anamunyoza kuti ndi kamberembere amene akugulitsa azungu anzake. Mu 1961 anamuchotsa pa unduna umenewu ndi kumupatsa ntchito ina. Mu 1963 anakana kulowa m'boma la Alec Douglas-Home, nakakhala mkonzi wa magazini ya The Spectator. Mu Juni 1970 Edward Heath anamupatsa unduna wa zachuma, koma patangotha mwezi umodzi, pa 20 Julaye, anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 56.

Nanga kwathu kuno? Patangopita miyezi iwiri ndi theka Kamuzu atatuluka, pa 16 Juni 1960, anthu a ku Mueda amene anapita kukapempha ufulu anawomberedwa. Salazar ku Lisbon sankafuna kumva za kukambirana. Nkhondo ya FRELIMO inayamba mu 1964, mu 1968 inayaka kuno ku Tete, ndipo mu 1972 ku Wiriyamu kunaphedwa anthu ambirimbiri osalakwa.

Sindikunena kuti Macleod anapatsa Amalawi ufulu ngati mphatso ayi. Anauvutikira okha, enanso anaufera. Iye ankatetezanso za dziko lake. Koma anazindikira msanga kuti mfuti siingatseke pakamwa pa mtundu wonse, ndipo analolera kudana ndi anzake. Agogo akanakhala moyo ndikanawayankha kuti mbali ina ya yankho ndi imeneyi: uko wolamula anavomera kukhala pansi ndi amene anamumanga, kuno anakana.

Tikakumana ku kalabu sabata ya mawa, tabwerani ndi zimene makolo anu anakuuzani za masiku amenewo, tikambirane.