CHIYEMBEKEZO CHA MKHRISTU PA NTHAWI YA MASAUTSO

Pa maliro ambiri m'maparishi mwathu, amene amaima kutsogolo kwa anamfedwa ndi katekisti, pakuti wansembe amakhala kutali. Ndiye amene amalandira mafunso olemera kwambiri. Chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene adapha ndi kusowetsa anthu opitirira 1,000 m'chigawo cha kummwera, kudza kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, kudzanso chilala cha 2024, funso limene limamveka m'miphakati ndi limodzi: kodi Mulungu akadali nafe? Tafuna tsono kulongosola zimene Mpingo umaphunzitsa za chiyembekezo, kuti wophunzitsa anzake asayankhe zongomuthera pakamwa.

Tanthauzo la mauwa

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1817 mpaka 1821, amaika chiyembekezo pakati pa makhalidwe atatu amene gwero lake ndi Mulungu mwini: chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi. Munthu sadzipangira yekha makhalidwe amenewa. Amawalandira pa ubatizo, ndipo amakula nawo mwa chaulere cha Mzimu Woyera. Mwa chiyembekezo timalakalaka Ufumu wa Kumwamba ndi moyo wosatha, potsamira pa malonjezo a Khristu, osati pa nyonga zathu.

Chilankhulo chathu chimatithandiza pano koposa zilankhulo zina. Mayi wapakati timamutchula kuti ndi woyembekezera. Sitinena kuti akudikira, monga munthu wodikira basi pa siteji amene sadziwa ngati ibwera. Woyembekezera ali nacho kale chimene akuyembekeza. Sanachione ndi maso, koma chikukula mwa iye, ndipo chasintha kale kadyedwe kake, kayendedwe kake ndi maganizo ake. Pali zowawa kutsogolo, iye akudziwa, komabe akusoka matewera. Paulo Woyera adagwiritsa ntchito fanizo lomweli pa mutu 8 wa kalata yake kwa Aroma, pamene adayerekeza kubuula kwa zolengedwa zonse ndi zowawa za pobereka.

N'chifukwa chake tiyenera kusiyanitsa chiyembekezo ndi mau aja timatonthozana nawo pamsika akuti “zikhala bwino”. Mwina zikhaladi bwino, mwinanso ayi. Wodwala amene tikumupempherera angathe kumwalira, ndipo mvula ingathe kudula chimanga chili m'maondo. Chiyembekezo cha mkhristu sichiima pa kuwerengera kuti zinthu zitiyendera. Chimaima pa Iye amene adalonjeza.

Maziko ake: Mulungu sasintha mau

M'Chihebri, liu lonena za kukhulupirika kwa Mulungu ndi emuna, ndipo limachokera ku tsinde limodzi ndi liu limene timanena tsiku ndi tsiku, Amen. Tanthauzo lake ndi chinthu cholimba, choti munthu angathe kuchitsamira osagwa. Liu la chiyembekezo ndi tikva, limene limatanthauzanso chingwe. Chingwe chofiira chimene Rahabu adamanga pa zenera ku Yeriko, pa mutu 2 wa buku la Yoswa, chimatchulidwa ndi liu lomweli. Kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 6, imayerekeza chiyembekezo ndi nangula. Asodzi a ku nyanja amamvetsa msanga: nangula saletsa mwera kuomba, ndipo saoneka chifukwa ali pansi pa madzi, koma bwato silitengedwa. Akhristu oyamba a ku Roma ankajambula nangula pa manda a abale awo m'mapanga a pansi pa nthaka, ndipo chizindikiro cha Chaka Choyera cha 2025, chimene Apapa Francis adachitsegula pa 24 Disembala 2024 pa mutu wa amwendamnjira a chiyembekezo, chinali ndi mtanda wothera m'nangula.

Abrahamu adaitanidwa ali ndi zaka 75, ndipo Isaki adabadwa iye ali ndi zaka 100. Adalonjezedwa dziko lonse la Kanani, koma pomwalira malo amene anali akeake anali munda ndi phanga la Makipela, zimene adagula kuti aikemo mkazi wake Sara. Tiziwauza akhristu zimenezi poyera. Baibulo silibisa kuti Mulungu amachedwa pa kawerengedwe kathu.

Munda wa Yeremiya

Nkhani imene ife timaikonda koposa pophunzitsa za chiyembekezo ili pa mutu 32 wa buku la mneneri Yeremiya, ndipo n'zachisoni kuti akhristu ambiri saidziwa. Chinali chaka cha khumi cha ufumu wa Zedekiya, cha m'ma 588 kapena 587 Khristu asanabadwe. Ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babiloni, anali atazinga Yerusalemu. Yeremiya mwini anali m'ndende m'bwalo la alonda a mfumu, chifukwa ankalalika kuti mzindawo ugwa. Pa nthawi yotereyi padafika Hanamele, mwana wa mbale wa atate ake, kudzamutsatsa munda wa ku Anatoti, kumudzi kwawo, kumene kunali m'dera lolamulidwa kale ndi adani.

Munthu aliyense wanzeru akadakana. Ndani angagule munda umene wapondedwa ndi asilikali achilendo, iye ali m'ndende, dziko likutha? Koma Yeremiya adazindikira kuti Mulungu ndiye akumuuza kuti agule. Adayesa masekeli 17 a siliva pa sikelo, adalemba chikalata, adaitana mboni, ndipo adapereka makalata awiri, womata ndi wosamata, kwa mlembi wake Baruki, namulamula kuti awaike m'mbiya yadothi kuti akhalitse. Tanthauzo lake linali lakuti nthawi idzafika pamene anthu adzagulanso nyumba, minda ndi mipesa m'dziko lomwelo.

Tione zinthu ziwiri. Choyamba, atangogula mundawo Yeremiya adapemphera modandaula, kukhala ngati akufunsa Mulungu kuti zimene wamuchititsazi n'zotani pamene mzinda uli pafupi kugwa. Adamvera, koma mtima wake sunali phee. Chachiwiri, sitiwerenga paliponse kuti adalimapo m'mundamo. Yerusalemu adagwa, Nyumba ya Mulungu idatenthedwa, ndipo Yeremiya adatengedwa mokakamizidwa kupita ku Ejipito. Akapolo a ku Babiloni adaloledwa kubwerera m'chaka cha 538, pa lamulo la mfumu Kirusi, patapita zaka pafupifupi 50. Lonjezo lidakwaniritsidwa, koma amene adalipirira siliva sadalione.

Zaka zingapo Yeremiya asanagule mundawo kunalinso mneneri wina, Hananiya, wa pa mutu 28, amene adalonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera m'chimake. Adathyola goli limene Yeremiya adavala m'khosi, anthu akuona. Uthenga wake unali wokoma kuumva, koma unali wabodza. Yeremiya adalembera akapolo aja kalata yowauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kubereka ana komweko, pakuti ukapolo utenga zaka 70. A Hananiya sadathe. Lero amagulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, natchula ndi mwezi womwe umene munthu adzalemera. Mkhristu amene wapatsidwa tsiku lotere, tsikulo likadutsa, amataya zonse ziwiri, ndalama ndi chikhulupiriro.

Kulira si kutaya mtima

Pali chizolowezi china pa maliro chimene tiyenera kuchiunika. Timafulumira kuuza wofedwa kuti asalire chifukwa ndi kufuna kwa Mulungu. Timanena ndi mtima wabwino, komabe mau amenewa akanenedwa kwa mayi amene ana ake adakokoloka ndi matope usiku umodzi, amamujambulira Mulungu wankhanza. Buku la Nzeru, pa mutu woyamba, limaphunzitsa kuti imfa sadaipange ndi Mulungu. Mulungu amalola zoipa pa zifukwa zimene sitizimvetsa zonse, ndipo angathe kutulutsamo zabwino, koma kulola ndi kufuna n'zosiyana.

Abwenzi atatu a Yobe adachita bwino masiku 7 oyamba, pamene adakhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atayamba kulongosola. Pa mutu 42 Mulungu adawadzudzula iwowo, amene ankamuikira kumbuyo, nayamikira Yobe amene ankadandaula. Masalimo ambiri ndi madandaulo, ndipo Salimo 88 limathera mu mdima popanda liu lachitonthozo, komabe Mpingo umalipemphera Lachisanu lililonse pa mapemphero a usiku. Ambuye Yezu adalira pa manda a Lazaro, ndipo pa mtanda adafuula ndi mau oyamba a Salimo 22. Munthu amene akukangana ndi Mulungu akadali pamaso pa Mulungu. Mwambo wathu wogona pa siwa, wongokhala pafupi ndi anamfedwa, kuwatungira madzi ndi kuwatolera nkhuni, umalalika bwino kuposa maulaliki ambiri.

Machimo awiri otsutsa chiyembekezo

Katekisimu, pa ndime 2091 ndi 2092, amatchula awiri. Loyamba ndi kutaya mtima, ndiko kuleka kuyembekeza kuti Mulungu angatipulumutse, kutithandiza kapena kutikhululukira. Petulo ndi Yudasi adachimwa usiku umodzi. Kusiyana kwawo kunali pa zimene adachita pambuyo pake. Lachiwiri ndi kudzinyenga: kuganiza kuti tidzapulumuka ndi mphamvu zathu, kapena kuti Mulungu adzatikhululukira ngakhale tisatembenuke mtima. Wokana mankhwala a kuchipatala ponena kuti akukhulupirira Mulungu ali pafupi ndi tchimo lachiwirili.

Pano tikupempha akatekisti kusamala kwambiri. Tchimo la kutaya mtima ndi losiyana ndi matenda a maganizo. Pali anthu amene mtima wawo walemera chifukwa cha matenda, ngongole kapena manyazi, mpaka sakuonanso njira. Ameneyo afunika womumvetsera ndi womuperekeza kwa achipatala, monga ku malo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku chipatala cha boma chapafupi. Za amene adadzipha, Katekisimu pa ndime 2282 ndi 2283 amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwa maganizo, mantha aakulu ndi kuzunzika zingathe kuchepetsa mlandu wa munthu, kuti tisataye mtima za chipulumutso chawo, ndiponso kuti Mpingo umawapempherera. Banja lotere lisasalidwe mumphakati.

Kumene chiyembekezo chimaphunziridwa

Pa 30 Novembala 2007 Apapa Benedict XVI adatulutsa kalata yotchedwa Spe Salvi, yokamba za chiyembekezo chokhachokha. M'menemo adatchula malo atatu ophunzirirako: pemphero, ntchito pamodzi ndi masautso, ndi chiweruzo cha Mulungu. Lachitatuli limadabwitsa ambiri, pakuti tidazolowera kumva za chiweruzo ngati choopseza. Koma kwa wamasiye amene adalandidwa katundu ndi achibale, milandu yake n'kuthera m'malere, chiweruzo ndi uthenga wabwino: wopondereza ndi woponderezedwa sadzangokhala pa mphasa imodzi ngati palibe chidachitika.

Mwa mboni zimene kalatayo imatchula, tione ziwiri. Josephine Bakhita adabadwira ku Darfur, m'dziko la Sudan, cha m'ma 1869. Adabedwa ali mwana, adagulitsidwa kangapo, adamenyedwa ndi kutemedwa mphini zambirimbiri pathupi. Atafika ku Italy adamva za Mbuye wina woposa ambuye onse amene adawatumikira, Mbuye amene nayenso adakwapulidwa, ndipo amamudziwa ndi kumukonda. Adabatizidwa pa 9 Januwale 1890, adalowa chipani cha asisitere a Canossa, adamwalira mu 1947, ndipo adalengezedwa kukhala woyera mu 2000.

Winayo ndi Kadinala Nguyen Van Thuan wa ku Vietnam, amene adamangidwa mu Ogasiti 1975, atangosankhidwa kukhala wothandizira Arkiepiskopi wa ku Saigon. Adakhala m'ndende zaka 13, ndipo 9 mwa zakazo anali m'chipinda cha yekha. Ankachita Misa ndi madontho atatu a vinyo ndi dontho limodzi la madzi pachikhatho, ndipo ankalembera akhristu ake timauthenga pa mapepala a kalendala yakale. Iye mwini adasimba kuti chimene chidamumasula mumtima ndi kusiyanitsa Mulungu ndi ntchito za Mulungu. Sukulu, maseminale ndi maparishi adamulanda. Mulungu sadathe kumulanda. Adatulutsidwa mu 1988, namwalira ku Roma mu 2002.

Za ntchito tingonena mwachidule, pakuti alimi athu amazidziwa kuposa ife. Amene amasunga mbewu m'chaka cha njala, ana akulira, ndiye Yeremiya wa masiku ano. Kalata ya maepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idalembedwa pamene panalibe amene akadatsimikiza kuti zinthu zisintha, ndipo olembawo adaopsezedwa kwambiri. Riferendamu idachitika mu Juni 1993.

Mbiri ya Mpingo kwathu kuno idayambanso ndi chinthu chooneka ngati kulephera. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda, kufupi ndi kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, kumapeto kwa 1889. Adavutika ndi malungo, nkhondo ndi malonda a ukapolo, ndipo mu 1891 adachoka osasiya mpingo. Patapita zaka 10, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Nzama, ndipo mu 1902 a White Fathers adabweranso nakhazikika ku Mua. Dera lomwe lija la kwa Mponda lero lili m'dayosizi ya Mangochi, imene idakhazikitsidwa mu 1973, imodzi mwa madayosizi 8 a m'dziko muno.