Chiopsezo cha opaleshoni kwa anthu a chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso

Munthu yemwe chithokomiro chake chikugwira ntchito mopyola muyeso akhoza kutaya moyo pa opaleshoni ya mtundu uliwonse, ngakhale yaing'ono, ngati matendawa sanadziwike ndi kuchepetsedwa mphamvu asanamugonetse.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi komwe kamatulutsa mahomoni a T3 ndi T4, omwe amalamula liwiro la kagwiridwe ntchito ka thupi. Mahomoniwa akachuluka, mtima umathamanga, munthu amaonda ngakhale akudya bwino, amatuluka thukuta kwambiri, manja amanjenjemera ndipo ena maso amatong'oka. Gwero lalikulu la vutoli ndi matenda a Graves, omwe amagwira amayi kuposa abambo.

Choopsa chachikulu ndi chomwe madotolo amachitcha thyroid storm. Kaamba ka ululu komanso kupanikizika kwa thupi pa opaleshoni, mphamvu ya mahomoniwa imakwera mwadzidzidzi. Thupi limatentha mpaka kupyola madigiri 40, mtima umagunda koposa ka 140 pa mphindi, wodwala amabalalika mutu ndipo mtima ukhoza kulephera. Kawirikawiri izi zimachitika mkati mwa tsiku loyamba opaleshoni itatha, ndipo pa odwala 100 aliwonse ogwidwa motere, 10 kapena kuposerapo amamwalira ngakhale alandire chithandizo.

Pachifukwa ichi, opaleshoni yomwe si yadzidzidzi imayenera kudikira. Wodwala amamwa mankhwala a carbimazole kapena propylthiouracil kwa masabata pafupifupi 6 mpaka 8, kufikira magazi ataonetsa kuti mahomoni abwerera mwakale, ndipo propranolol amathandiza kuchepetsa kuthamanga kwa mtima. Pamene opaleshoniyo ndi yochotsa chithokomiro cha matenda a Graves, madotolo ena amaperekanso madontho a ayodini kwa masiku pafupifupi 10, njira yomwe Henry Plummer wa ku Mayo Clinic m'dziko la America adaifalitsa m'chaka cha 1923.

Koma ngati opaleshoni siingadikire, monga pa ngozi ya pamsewu kapena pobereketsa mayi ndi mpeni, mankhwalawa amaperekedwa mwachangu pamodzi ndi hydrocortisone, ndipo wodwalayo amayang'aniridwa mwapadera akatuluka m'chipinda cha opaleshoni.

Mankhwala ogonetsa nawo amafunika kusankhidwa mosamala. Ketamine, yemwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala za m'maboma kuno ku Malawi, amathamangitsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, choncho sayenera munthu wa vutoli. Chimodzimodzinso atropine ndi ephedrine. Thupi likatentha, madotolo amapewa asipirini chifukwa amachulukitsa mahomoni oyenda okha m'magazi, ndipo m'malo mwake amapereka paracetamol.

Palinso zovuta zina. Chithokomiro chotupa chikhoza kufinya kapena kupotoza kholingo, zomwe zimavutitsa kulowetsa paipi yopumira. Maso otong'oka amafunika kuphimbidwa kuti asaume wodwala ali chigonere. Pambuyo pa opaleshoni yochotsa chithokomiro, magazi akhoza kuundana m'khosi n'kutseka mpweya, mawu akhoza kusasa ngati mtsempha wa mawu wakhudzidwa, ndipo calcium akhoza kuchepa m'magazi n'kuyambitsa dzanzi ndi kukokana kwa minofu.

Ngakhale zili choncho, opaleshoniyi siyoopsa ngati kale. Dotolo wa ku Switzerland, Theodor Kocher, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1909, adachepetsa imfa za pa opaleshoni ya chithokomiro kufika pa munthu wosakwana mmodzi pa 100 aliwonse.

Masiku ano chiopsezo chachikulu chili pa wodwala yemwe sakudziwa kuti ali ndi matendawa, kapena yemwe adasiya kumwa mankhwala. Aliyense wokonzekera opaleshoni ayenera kuuza dotolo ndi wogonetsa odwala za kuonda kosadziwika bwino, kuthamanga kwa mtima kapena chotupa cha pakhosi, ndipo amene ali kale pa mankhwala asawasiye popanda kuuzidwa ndi dotolo.