Kusiyana kwa dambwe la ku Yale ndi bwalo la ulemu

Munthu wa ku Ntcheu sasowa womuuza kusiyana kwa bwalo ndi dambwe. Pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, Inkosi ya Makhosi Gomani imatamandidwa dzuwa likuswa mtengo, zithokozo zikumveka kwa aliyense. Koma m'midzi ya Achewa cha kumalire ndi Dedza, za kudambwe sauza wosameta, ndipo wofunsa dzina la amene wavina m'bwalo amangoyankhidwa kuti chija n'chilombo.

M'makoleji a ku America mulinso magulu a mitundu iwiri yomweyi, achinsinsi ndi aulemu. Anthu amawasokoneza, ndipo mpake, chifukwa anaphukira pa tsinde limodzi.

Pa 5 December 1776, ophunzira asanu a pa College of William and Mary ku Virginia, motsogozedwa ndi John Heath, anakhazikitsa gulu la Phi Beta Kappa. Linali lachinsinsi ndithu: wolowa ankalumbira kuti sadzaulula kanthu, ankaphunzitsidwa moni wapadera wa m'manja, ndipo akatseka chitseko anyamatawo ankachita mitsutso momasuka. Nthambi zinafika ku Yale mu 1780 ndi ku Harvard mu 1781.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi kusowa kwa munthu mmodzi. Mu 1826 William Morgan wa ku Batavia, m'chigawo cha New York, atalengeza kuti asindikiza buku loulula zinsinsi za gulu lina lokumana mobisa la a Freemason, anagwidwa n'kutengedwa, osaonekanso. Anthu anapsa mtima ndi gulu lililonse lokumana mobisa. Mu 1831 nthambi ya Phi Beta Kappa ya ku Harvard inataya lumbiro lija, zinzake n'kutsatira. Pang'ono ndi pang'ono gululo linasanduka bwalo lolemekezera okhoza bwino, ndipo mu 1875 nthambi ya ku Vermont inalandira akazi oyamba. Lero wolowamo amasankhidwa poona malikisi, dzina lake limalengezedwa poyera, ndipo kiyi wagolide amene amalandira sabisa m'thumba.

Ku Yale ena sanafune kusiya mdima. Mu 1832 William Huntington Russell ndi Alphonso Taft anayambitsa Skull and Bones, kutanthauza chigaza ndi mafupa. Chaka chilichonse otuluka amasankha okha olowa m'malo mwawo 15, popanda muyeso wolembedwa umene wina angautsutse. Amakumana m'nyumba yamiyala yotchedwa Tomb, ndiye kuti manda. Akazi anadikira mpaka zaka za m'ma 1990.

Chinsinsi pachokha si mlandu. Gule Wamkulu, amene ansembe a Katolika omwe anafika ku Mua mu 1902 analimbana naye kwa zaka zambiri, bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Komatu dambwe ndi la mudzi: mwana wa mfumu ndi mwana wa mmphawi amameta limodzi, ndipo gule amatuluka kudzatumikira pamaliro ndi pachinamwali. La ku Yale limatsekera anthu ochepa m'kati, n'kuwalumikiza ndi akuluakulu amene anadutsamo kale. Apa m'pamene pali chodetsa nkhawa, chifukwa ubale wosaonekawo umatsatira munthu mpaka pa mipando yolamulira anthu mamiliyoni amene sanauzidwe zomwe zinalumbiridwa.

Pa chisankho cha pulezidenti wa America mu 2004, George W. Bush anapikisana ndi John Kerry. Onse awiri anali a Skull and Bones, ndipo atafunsidwa za gululo pa wailesi yakanema, onse anakana kufotokoza.