Bob Brown: dokotala amene anachoka kundende n'kukalowa m'nyumba ya malamulo

Anzanga a kalabu, mwezi uno tsamba la mbiri latitengera kutali, ku chilumba cha Tasmania ku Australia. Wina afunsa kuti kodi za azungu akutali zikutikhudza pati ife a ku Namwera? Dikirani kaye, muwerenge mpaka kumapeto.

Bob Brown anabadwa pa 27 December 1944 m'tauni ya Oberon, m'chigawo cha New South Wales. Bambo ake anali wapolisi. Iye anaphunzira za udokotala pa yunivesite ya Sydney, ndipo mu 1972 anasamukira ku Tasmania kukagwira ntchito mumzinda wa Launceston. Chaka chomwecho, nyanja yaing'ono ya Pedder inamizidwa ndi madzi a damu la magetsi. Anthu anadandaula, koma boma silinamve.

Zinthu zinasintha mu 1976 pamene Brown anayenda pa mtsinje wa Franklin pa bwato lopopa. Anaona nkhalango zakalekale ndi zigwa. Patangopita zaka zochepa, bungwe la boma loona za magetsi, Hydro-Electric Commission, linalengeza zomanga damu lina pa mtsinje wa Gordon, lomwe likanamiza mbali yaikulu ya Franklin. Mu 1978 Brown anakhala mkulu wa bungwe la Tasmanian Wilderness Society, ndipo pang'onopang'ono ntchito ya udokotala anaisiya.

Mu December 1981 boma linachititsa referendamu, koma mochenjera: anthu anapatsidwa madamu awiri kuti asankhepo limodzi, popanda malo okanira onse. Ndiye mukudziwa anatani? Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse analemba yekha pa pepala lovotera mawu akuti "No Dams", kutanthauza kuti damu sitikulifuna.

Boma silinasinthe maganizo. Pa 14 December 1982 anthu anayamba kutseka njira yopita kumalo a ntchito, mwamtendere, opanda mwala kapena chikwanje. Mwezi womwewo UNESCO inaika nkhalango za kumadzulo kwa Tasmania pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, Brown ali m'gulu lomwelo. Anakhala masiku 19 m'ndende ya Risdon. Atangotuluka mu January 1983, analowa m'nyumba ya malamulo ya Tasmania ngati phungu wa dera la Denison, kulowa m'malo mwa Norm Sanders amene anatula pansi udindo.

Mu March 1983 chipani cha Labor cha Bob Hawke chinapambana chisankho cha dziko lonse, chitalonjeza kuimitsa damulo. Nkhani inafika ku khoti lalikulu, ndipo pa 1 July 1983 majaji anayi mwa asanu ndi awiri anagamula mokomera boma la Hawke. Damu linathera pompo, ndipo Franklin akuyendabe mpaka lero.

Koma tisanamizane, si onse amene ankamukonda. M'matauni a kumadzulo kwa Tasmania anthu ambiri ankayembekezera ntchito pa damulo, ndipo ankamuona Brown ngati munthu wowalanda nsima pakamwa. Mkwiyo wawo unali ndi chifukwa chake. Apa ndi pamene nkhaniyi ikufanana ndi yathu. Munthu amene mumakumana naye pa msewu wotsetsereka wopita ku Mangochi boma, atanyamula matumba a makala pa njinga, sadana ndi mitengo ayi. Akufuna ndalama ya ufa ndi ya fizi ya mwana.

Brown anakhala phungu ku Tasmania zaka 10. Pa chisankho cha 1989, iye ndi anzake anayi oteteza chilengedwe anapeza mipando isanu, ndipo anagwirizana ndi a Michael Field a Labor kuti apange boma. Mu 1990 analandira mphoto ya Goldman, ndipo ndalamazo anaperekera chikole pogula malo a nkhalango ku Liffey kuti mitengo isadulidwe. Mu 1996 anasankhidwa kukhala seneta wa dziko lonse, mpando womwe anausiya mu 2012 atatsogolera chipani cha Australian Greens.

Tsopano tibwerere kwathu. Mu 1984, patangopita zaka ziwiri kuchokera pa za Tasmania, UNESCO inaikanso Lake Malawi National Park, ya m'boma lathu lino, pa mndandanda womwe uja. Tili ndi nkhalango za Namizimu ndi Mangochi, ndipo ya Mangochi inayamba kuyang'aniridwa ndi African Parks mu 2018. Koma funsani agogo anu mmene chambo chinkachulukira ku Malombe kale, muyerekeze ndi lero. Mapiri akayera, dothi limatsika ndi mvula n'kukakwirira mitsinje ndi malo oswanirana nsomba.

Phunziro lomwe ine ndatolapo ndi ili: zionetsero zokha sizinapulumutse Franklin. Panafunika mavoti, lamulo, khoti, komanso munthu wokhala m'chipinda momwe zinthu zimagamulidwa. Ifenso zipinda zotere tili nazo: komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, VDC, ADC ndi khonsolo. Achinyamata tilimo angati?

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka 15 April. Pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zinthu ziwiri basi: nazale yathu tiiika pati, ndipo ndani mwa ife akaime pa komiti ya m'mudzi mwake. Amene muli ndi machubu akale obzalira mbande, bwerani nawo.